Phunziro: Kusankha Pikapu Yatsopano ya Gitala ya Magetsi

Ana anga a Fomu 4, pamodzi ndi inu nonse oimba m'makwaya ndi m'mabandi a m'mipingo kuno ku Mzimba, phunziro la lero likukhudza kachipangizo kakang'ono kamene kamakhala pansi pa nsambo za gitala ya magetsi. Oimba amakatchula kuti pikapu. Ndasankha mutuwu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zambiri zimene mayeso a Fizikisi a MSCE amafunsa zokhudza maginito ndi magetsi zili m'kachipangizo kameneka, ndipo mukhoza kuzimva ndi khutu lanu. Chachiwiri, magitala achuluka m'dera lathu. Kuyambira pa boma mpaka ku Embangweni, Jenda, Luwerezi ndi Khosolo, mipingo ndi achinyamata ali ndi zida zimene abale athu ogwira ntchito ku Joni amatumiza kudzera mwa matransipota. Gitala ikangoyamba kumveka mosakoma, mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti, "Tiwauze asibweni atumize pikapu ina." Ndalama za asibweni ndi za thukuta, sizotola pamsewu. Ndikufuna kuti pomaliza phunziroli muzitha kuzindikira ngati vuto lilidi mu pikapu, ndipo ngati lilimo, musankhe yoyenera gitala yanu ndi nyimbo zanu. Ndondomeko yake ndi iyi: yambani mwamvetsera, kenako yezani, kugula kubwere pomaliza.

Mmene pikapu imagwirira ntchito

M'chaka cha 1831, Michael Faraday wa ku England anapeza kuti mphamvu ya maginito yodutsa mu koilo ya waya ikamasinthasintha, m'wayamo mumabadwa magetsi. Maginito akangokhala duu pambali pa koilo, palibe chimachitika. Pafunika china chake chiziyenda. Nonse mukuidziwa dayinamo ya njinga: tayala limazunguza maginito pakati pa koilo, nyali n'kuyaka, ndipo mukaima nyaliyo imazima. Pikapu imatsata lamulo lomweli, kungoti chimene chimayenda si maginito koma nsambo.

Mukatsegula pikapu wamba ya gitala ya mtundu wa Stratocaster mupezamo zinthu ziwiri. Muli timitengo ta maginito tisanu ndi kamodzi, kamodzi pansi pa nsambo iliyonse. Mozungulira timitengoto anakulungamo waya wa kopa wopyapyala kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.06, wopakidwa vanishi kuti mizere isagundane. Amamuzunguza maulendo pafupifupi 8,000, moti mutamutambasula akhoza kupitirira kilomita imodzi. Nsambo yachitsulo ili pamwamba pa maginito imatenga mphamvu ya maginitowo. Mukaikhwacha imanjenjemera, mphamvu yodutsa mu koilo imasinthasintha motsatira kunjenjemerako, ndipo m'waya mumabadwa magetsi ochepa kwambiri, kachigawo chabe ka volti imodzi. Nsambo yonenepa kuposa zonse, ya E, imanjenjemera ka 82 pa sekondi, ndipo magetsi nawonso amapita ndi kubwerera ka 82 pa sekondi. Yopyapyala kuposa zonse imanjenjemera ka 330. Ampulifaya imakulitsa magetsiwo, sipika n'kuwasandutsa mawu.

Yesani izi. Lumikizani gitala ku ampulifaya, voliyumu ikhale yotsika. Yandikizani pakamwa pa pikapu n'kuyankhula: ngati pikapuyo ili bwino, sipika ikhala chete. Tsopano tengani sikuludiraiva, muike nsonga yake pa kamtengo ka maginito pang'onopang'ono. Mumva maginito akuikoka, kenako sipika iti "gu!" Tsopano sungani zinthu zitatu zimene zititsogolere mpaka kumapeto.

Choyamba, pikapu simamva mawu, imangozindikira chitsulo choyenda. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizitulutsa kanthu pa gitala ya magetsi, ndipo nsambo zokutidwa ndi mkuwa za gitala yopanda magetsi zimamveka mofooka ndi mosalingana. Chachiwiri, malo amene pikapu yakhala ndi ofunika. Pafupi ndi khosi la gitala nsambo imagwedezeka kwambiri, ndipo mawu amatuluka onenepa ndi ofewa. Pafupi ndi buliji, pamene nsambo zamangidwa, imagwedezeka pang'ono, ndipo mawu amatuluka akuthwa. Chachitatu, koilo silekanitsa mphamvu yochokera ku nsambo ndi yochokera kwina. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo thiransifoma iliyonse yoyandikira imamwaza mphamvu ya maginito yosinthasintha pa liwiro lomwelo. Koilo imaitola, ndiye kung'ung'uza kuja kumene mumakumva gitala isanakhwachidwe n'komwe.

Mitundu ya mapikapu

Gitala yoyamba ya magetsi yoyenda bwino pamsika inapangidwa ndi George Beauchamp ndi kampani ya Adolph Rickenbacker ku Los Angeles cha m'ma 1931 ndi 1932. Leo Fender anatulutsa Stratocaster mu 1954, yokhala ndi mapikapu atatu a koilo imodziimodzi. Mtundu umenewu umatchedwa single coil. Mawu ake ndi akuthwa ndi omveka bwino, nsambo iliyonse imamveka payokha, koma umatola kung'ung'uza.

Mu 1955, Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anapeza njira yothetsera kung'ung'uzako, ndipo pofika 1957 pikapu yake inali pa magitala a Les Paul. Imeneyi ndiye humbucker. Mvetsetsani nzeru yake, chifukwa ndi Fizikisi yeniyeni. Anaika makoilo awiri moyandikana, olumikizidwa mosemphana, ndipo maginito a koilo imodzi analoza mbali ya kumpoto ku nsambo pamene a koilo inayo analoza mbali ya kumwera. Kung'ung'uza kochokera kunja sikudalira maginito a pikapu. Kumalowa m'makoilo onse mofanana, ndipo poti makoilowo ndi osemphana, kumafafanizana. Mawu a nsambo amadalira maginito, choncho amatembenuzidwa kawiri, koyamba ndi maginito, kachiwiri ndi koilo, n'kubwerera pamzere umodzi, ndipo amaphatikizana. Zotsatira zake ndi mawu amphamvu, onenepa, opanda phokoso, koma kuthwa kwake kumachepa.

Maginito nawonso alipo a mitundu iwiri. Alnico ndi chitsulo chosakaniza ndi aluminiyamu, nikelo ndi kobati. Ceramic ndi otsika mtengo. Mukatembenuza pikapu ya gitala zambiri zimene zimabwera kuno, mupeza kachidutswa kakuda kosalala komatidwa ndi guluu pansi pake, ndipo timitengo tapamwamba ndi tachitsulo wamba. Kachidutswako ndiye ceramic. Oimba ambiri amati alnico imatulutsa mawu ofewa pamene ceramic imatulutsa olimba, koma musanyoze pikapu chifukwa cha maginito okha. Kakulungidwe ka koilo kamasintha mawu kwambiri kuposa dzina la maginito.

Palinso mapikapu ofuna batire la mavolti 9, monga a kampani ya EMG. Ndi achete ndithu, koma amafuna kusintha mavoliyumu onse ndi jeki yosomekapo chingwe, ndipo batire likatha pakati pa ukwati ku Mabulabo, gitala yathera pomwepo. Kwa ambiri a ife mtundu umenewu ndi katundu wosafunikira.

Malonda a mapikapu osinthira anakula pamene Larry DiMarzio anatulutsa Super Distortion mu 1972, ndipo Seymour Duncan anatsegula kampani yake ku California mu 1976. Sungani mfundo iyi: ambiri mwa mapikapu otchuka a nthawi imeneyo anapangidwira oimba rock, amene ankafuna magetsi ambiri okankha ampulifaya mpaka mawu asweke. Zofuna zawo ndi zathu sizifanana.

Yambani mwapeza pamene pali vuto

Pa magitala amene anthu amabwera nawo kuti ndiwaone, ambiri amakhala ndi pikapu yabwinobwino. Choncho musanatumize uthenga ku Joni, fufuzani motsata ndondomeko iyi.

Yambani ndi nsambo. Thukuta la m'manja, chinyezi cha dzinja ndi fumbi la mu Okutobala zimadya nsambo. Nsambo yadzimbiri simanjenjemera bwino, ndipo mawu ake amamveka obanika ngakhale pikapu itakhala yodula chotani. Ikani nsambo zatsopano za gitala ya magetsi, ndipo muzizipukuta ndi kansalu kouma mukatha kuimba.

Kenako chingwe cholumikizira gitala ku ampulifaya. Chingwe chilichonse chimameza gawo la mawu akuthwa, ndipo chikatalika chimameza kwambiri. Musapitirire mamita 6 ngati palibe chifukwa. Bwerekani chingwe china chachifupi, mufanizire. Mukagwedeza chingwe pa jeki n'kumva kuthetheka, vuto ndi jeki kapena chingwe. Mukapotokola voliyumu n'kumva kuti kwerekwete, ndiye kuti m'kati mwalowa fumbi. Zonsezi ndi zotsika mtengo kukonza.

Tsopano kung'ung'uza. Tsitsani voliyumu ya pa gitala mpaka pansi. Phokoso likapitirira, gitala ilibe mlandu: fufuzani ampulifaya, chingwe kapena magetsi amene mukugwiritsa ntchito. Likatha, kwezaninso voliyumu, muimirire n'kutembenuka pang'onopang'ono gitala ili pamimba. Phokoso likamakula ndi kuchepa malinga ndi kumene mwayang'ana, imeneyo ndi single coil ikutola mphamvu ya thiransifoma, ndipo nthawi zambiri thiransifomayo ndi ya mu ampulifaya yanu yomwe. Talikiranani nayo. Tchaja ya foni, mababu ena otchipa, jenereta ndi inveta ya sola nazonso zimabweretsa phokoso la "zzzz". M'matchalitchi ambiri a kumudzi zida zonse zimadya pa inveta imodzi, ndipo mainveta otsika mtengo satulutsa magetsi osalala. Zimitsani zinthuzi chimodzichimodzi mukumvetsera, mupeza cholakwa.

Pomaliza gwirani nsambo ndi dzanja. Phokoso likachepa, waya wa ethi wopita ku buliji ali bwino. Likapanda kusintha koma n'kuchepa mukagwira chitsulo cha jeki, wayayo waduka. Likakula, wina anasemphanitsa mawaya awiri a pa jeki. Kumata pepala la aluminiyamu m'kati mwa dzenje la mawaya, n'kulilumikiza ku ethi, kumachepetsa phokoso la "zzzz", ngakhale sikuthetsa kung'ung'uza kwa thiransifoma.

Pano ndiyankhule mwamphamvu, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Maampulifaya ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, yosalowa m'masoketi athu. Ndaonapo anthu akudula pulagiyo, n'kusomeka mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi, waya wachitatu wa ethi ali lende. Nsambo za gitala ndi zolumikizidwa ku chitsulo cha ampulifaya. Ampulifaya ikawonongeka m'kati popanda ethi, magetsi a mavolti 230 akhoza kufika pa nsambo, ndipo njira yawo yopita pansi ndi thupi lanu. Keith Relf, woimba wa gulu la Yardbirds la ku England, anafa motero mu 1976 akuimba gitala kunyumba kwake. Gulani pulagi yoyenera, mulumikize mawaya onse atatu.

Kuyeza ndi mita

Mukafufuza zonsezi vuto n'kukhalapobe, yezani pikapu. Simufunika kumasula kanthu. Somekani chingwe pa gitala koma osati ku ampulifaya, kwezani voliyumu mpaka kumapeto, ikani mita yoyezera magetsi pa gawo la ma ohm 20,000, n'kugunditsa timiyendo take tiwiri pa nsonga ndi pa thunthu la pulagi ya chingwecho. Sankhani pikapu imodziimodzi ndi switchi. Single coil yabwino imaonetsa pakati pa ma ohm 5,500 ndi 7,000. Humbucker wamba imaonetsa pakati pa 7,500 ndi 9,000, ndipo yopangidwira rock ikhoza kufika 16,000.

Tiwerengere limodzi. Pikapu ya ma ohm 6,000 imakhala mu paralelo ndi voliyumu ya ma ohm 250,000. Chulukitsani manambala awiriwa, mugawe ndi chiphatikizo chawo, chimene ndi 256,000. Yankho ndi pafupifupi 5,860. Choncho mita imaonetsa nambala yotsikirako pang'ono, ndipo zimenezo si vuto. Mukasankha mapikapu awiri nthawi imodzi muona pafupifupi 3,000. Koma nambala ikapitirira gawo limeneli, ndipo pa gawo lalikulu mita n'kuonetsa kufupi ndi 250,000, ndiye kuti magetsi akudutsa mu voliyumu mokha, kutanthauza kuti koilo yaduka, kapena switchi siikugunda, kapena waya wachoka. Ikaonetsa pafupi ndi ziro, mawaya agundana penapake. Apa masulani, muchotse waya wa pikapu pa switchi, muyeze pikapuyo payokha. Ikakhala kuti yadukadi m'kati, yafa, ndipo kugula ina n'koyenera.

Nthenda ina ndi kulira kwa "tswiii" mukakweza ampulifaya, ngakhale mutagwira nsambo zonse. Gogodani chikuto cha pikapu ndi chikhadabo. Mukamva kugogodako m'sipika momveka kwambiri, waya wa koilo wamasuka ndipo akunjenjemera yekha. Mafakitale amaletsa zimenezi poviika koilo mu phula losungunuka. Mmisiri wodziwa akhoza kubwereza ntchitoyi ndi phula la kandulo losakaniza ndi la njuchi, limene kuno silisowa, koma kutentha kusapitirire madigiri 65, ndipo chitini cha phula chikhale m'madzi otentha, osati pamoto, chifukwa phula limayaka.

Chenjezo limodzi pa manambalawa. Ogulitsa amakonda kunena kuti ma ohm ambiri ndiye mphamvu. Zoona zake n'zakuti mizere yambiri ya waya imatulutsa magetsi ambiri, koma imamezanso mawu akuthwa. Komanso waya wopyapyala kwambiri amaonetsa ma ohm ambiri popanda kuwonjezera mphamvu. Nambala yaikulu si umboni wa ubwino.

Nyimbo zathu zimafuna mawu otani

Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha. Kuimba kwa kuno kumatsogozedwa ndi mawu a anthu. Donald Fraser atakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo anthu monga Mawelera Tembo anasiya nyimbo zimene zikuimbidwa mpaka lero. Mwambo umenewo wa wotsogolera ndi ovomera ndi umene gitala yaupeza. Gitala ya m'kwaya iyenera kulowa m'mipata ya mawu a anthu, osawakwirira. M'tchalitchi cha malata ndi simenti mawu onenepa amabwererabwerera n'kusokonekera, ndipo kiyibodi ndi besi zatenga kale malo a pansi. Malo otsalira gitala ndi a pamwamba, a mawu akuthwa ndi oyera.

Mvetserani magitala a rumba ya ku Congo, a Franco Luambo Makiadi ndi gulu lake la OK Jazz, kapena a Docteur Nico. Magitala awiri kapena atatu amalukana, ndipo iliyonse imamveka payokha popanda kusweka. Mvetserani sungura ya ku Zimbabwe, ya magulu a Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene ali ndi magazi a kuno ku Malawi: lidi imathamanga pa nsambo zopyapyala, mawu aliwonse ali mbee. Mvetserani Alleluya Band ya ku Balaka, kapena kadulidwe ka gitala ya rizimu mu rege ya Black Missionaries. Zonsezi zimafuna pikapu ya mphamvu yapakatikati yosameza kuthwa. Ngakhale kusweka kwa mawu kumene mumakumva mu Zamrock ya kwa anansi athu ku Zambia, monga ya Paul Ngozi m'zaka za m'ma 1970, kunkachokera makamaka ku kabokosi koponda ndi phazi ndi ku ampulifaya. Pikapu ya mawu oyera mukhoza kuiswetsa mawu ndi kabokosi, koma ya mawu obanika simungaibwezere kuthwa kumene yameza.

Malangizo anga ndi awa. Woimba lidi ya kwaya, rumba kapena sungura asankhe single coil ya pafupifupi ma ohm 6,000 mpaka 6,500. Pogula atatu pamodzi, aonetsetse kuti yapakati ndi yokulungidwa mosemphana ndiponso ya maginito otembenuzidwa, zimene pa bokosi amalemba kuti RWRP. Mukaika switchi pa malo achiwiri kapena achinayi, mapikapu awiri amagwirira limodzi mwa nzeru ya Seth Lover ija, kung'ung'uza n'kutha, kuthwa kuli pomwepo. Mukhoza kutsimikiza ndi kampasi ya mu labotale: pa pikapu yapakati muvi uyenera kuloza mosiyana ndi pa zinzake. Woimba pamalo pamene phokoso la jenereta kapena inveta silingapeweke asankhe humbucker ya mphamvu yochepa, ya pafupifupi ma ohm 8,000, yokhala ndi mawaya anayi kuti athe kuzimitsa koilo imodzi akafuna mawu akuthwa. Ngati gitala yake ili ndi mabowo opapatiza, alipo ma humbucker ang'onoang'ono olowa m'malo a single coil. Ndipo si lamulo kusintha onse. Ngati yakufa kapena yosakoma ndi imodzi, sinthani yomweyo.

Potumiza uthenga wogula

Munthu ali ku Johannesburg sakuiona gitala yanu, choncho uthenga wakuti "mugule pikapu yabwino" ndi wosakwanira. Tengani rula. Single coil ya Stratocaster ndi pafupifupi mamilimita 70 m'litali ndi 18 m'lifupi, pamene humbucker ndi pafupifupi 70 ndi 38. Ya Telecaster ndi ina yotchedwa P-90 zili ndi maonekedwe awoawo, sizilowana ndi izi. Yezani mtunda wochokera pa nsambo yoyamba kufika pa yachisanu ndi chimodzi pamwamba pa pikapuyo. Magitala ena ndi pafupifupi mamilimita 50, ena 52 kapena 53. Nenani ngati ndi ya kukhosi, yapakati kapena ya ku buliji, chifukwa ya ku buliji amaikulunga mochulukirapo kuti ilingane mphamvu ndi zinzake. Onaninso nambala yolembedwa kumbuyo kwa voliyumu. Single coil imayenda ndi 250k, humbucker ndi 500k. Humbucker yoikidwa pa 250k imamveka yobanika, ndipo single coil pa 500k ikhoza kubaya m'makutu. Jambulani gitala kutsogolo ndi m'kati, mutumize zithunzi pa WhatsApp pamodzi ndi manambalawa.

Za mayina, chenjerani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali mapikapu achinyengo olembedwa mayina a makampani otchuka, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mtengo wotsika mosayembekezeka. Pikapu yeniyeni ya Seymour Duncan kapena DiMarzio nthawi zina imaposa mtengo wa gitala yakale imene mukufuna kuikamo. Makampani monga Wilkinson ndi Tonerider amapanga mapikapu abwino pamtengo wofikirika. Pikapu yogwirapo kale ntchito nayonso ndi yabwino ngati mita yavomereza, chifukwa mulibe chimene chimatha ndi kuimba. Ndipo ngati khosi la gitala ndi lopindika kapena sipika ya ampulifaya inang'ambika, ndalamazo zipite kumeneko poyamba. Pikapu imangopereka zimene nsambo yachita, siiwongola zokhota.

Kuika ndi kulinganiza

Musanachotse waya ngakhale mmodzi, jambulani chithunzi ndipo mulembe pa pepala kumene aliyense akupita. Mitundu ya mawaya imasiyana pakati pa makampani, choncho tsatani pepala lobwera ndi pikapu yanu. Mawaya awotchereredwe, osangowapota ndi kukulunga tepi. Ngati mulibe chowotcherera, pitani kwa amisiri okonza mawailesi ndi mafoni pa boma kapena pa Jenda, muwalonjere mwaulemu kuti "Monire adada," muwaonetse pepalalo. Musakoke mawaya a pikapu, chifukwa kawaya ka koilo kakaduka m'kati ntchito yonse yawonongeka. Mukamaliza, gogodani pikapu iliyonse ndi sikuludiraiva musanabwezere nsambo. Mapikapu awiri akamamveka opyapyala ndi ofooka pogwirira limodzi pamene paokhapaokha akumveka bwino, mawaya a imodzi asemphana, ndipo afunika kutembenuza.

Chomaliza ndi kutalika, ndipo chimenechi n'chaulere. Dinani nsambo pa fureti yomaliza, muyeze mpata pakati pa nsambo ndi maginito. Yambirani pa mamilimita 2.5 kumbali ya nsambo zonenepa ndi 2 kumbali ya zopyapyala. Potokolani masikuluwu a m'mbali theka la mzungulo, mumvetsere, mupotokolenso. Mukakweza kwambiri maginito amakoka nsambo, mawu amafa msanga ndipo amamveka ngati gitala siinachunidwe. Mukatsitsa kwambiri amafooka. Yesani zimenezi pa pikapu yakale musanagule yatsopano. Magitala ambiri amachira pomwepa.

Ntchito yokachita

1. Fotokozani, pogwiritsa ntchito lamulo la Faraday, chifukwa chake nsambo ya nayiloni simveka pa gitala ya magetsi.
2. Humbucker ya ma ohm 8,000 ili mu paralelo ndi voliyumu ya ma ohm 500,000. Kodi mita ionetsa nambala yanji pa chingwe?
3. Jambulani makoilo awiri a humbucker, muonetse ndi mivi mmene kung'ung'uza kumafafanizirana pamene mawu a nsambo akuphatikizana.
4. M'magulu a anthu anayi, pemphani chilolezo kwa atsogoleri a kwaya ya kwanu, mufufuze gitala yawo motsata ndondomeko ya m'phunziroli, mulembe zimene mwapeza. Onaninso pulagi ya ampulifaya, ndipo ngati waya wa ethi sanalumikizidwe, auzeni akuluakulu tsiku lomwelo.

Ana anga, safunsa anadya phula. Fizikisi imene mukuphunzirayi si yongolembera mayeso. Ikhoza kupulumutsa ndalama za mpingo wanu, ntchito ya m'bale wanu ali kutali, ngakhalenso moyo wa mnzanu woimba. Mukadzamva wina akunena kuti gitala yatha ndipo ifunika pikapu ina, musamutsutse ndi pakamwa. Tengani nsambo zatsopano, chingwe chachifupi, rula ndi mita, mufufuze naye limodzi, ndipo mugule pokhapokha khutu ndi mita zitagwirizana.